NJINGA YA MOTO YOYAMBA: WAMKULU NAYE AYENERA KUPHUNZIRA

Chaka ndi chaka, msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, soya ndi mtedza nazo zikagulidwa, alimi ambiri a ku Mitundu ndi ku Nathenje amakhala ndi ndalama m'manja. Kale munthu wotere ankalingalira za malata, ngolo kapena njinga yopalasa. Masiku ano ambiri mtima wao uli pa njinga ya moto, ija akulu amati mthuthuthu. Aphunzitsi aifuna popeza sukulu zina ziri kutali ndi mseu waukulu, ndipo anyamata aifuna kuti ayambe kabaza.

Kufuna kumeneku sikulakwa ai. Njinga ya moto ifikitsa wodwala ku chipatala cha Mitundu kapena ku Nkhoma nthawi ikalipo, inyamula thumba la feteleza kufika nalo pakhomo, ndipo ifupikitsa ulendo wa ku Lilongwe. Koma pali kulakwa kumodzi kumene kwadzetsa maliro m'midzi yambiri. Munthu agula njinga m'mawa, wogulitsa amsonyeza popatsira moto ndi posinthira magiya, ndipo madzulo a tsiku lomwelo mwini njingayo ali pa mseu wa M1, mkazi wache ali kumbuyo, onse awiri alibe kanthu kumutu. Iye aganiza kuti popeza wapalasa njinga zaka 30, palibe chachilendo. Nkhani ino ifotokoza kuopsa kwa maganizo amenewa, ndi dongosolo limene wogula wanzeru atsata.

Njinga Ziwirizi Nzosiyana

Njinga yopalasa ilemera ngati makilogalamu 20, ndipo mwana angathe kuidzutsa ikagwa. Njinga ya moto yaing'ono ilemera makilogalamu 100 kapena kuposerapo, ndiko kuti matumba awiri a chimanga. Ikagwera mwendo, fupa lingathe kuthyoka ngakhale njingayo inali chiimire.

Kusiyana kwina ndi liwiro. Wopalasa bwino ayenda makilomita 15 pa ola. Wa njinga ya moto akafika makilomita 60 pa ola, ayenda mamita 17 pa sekondi imodzi, kotero kuti bwalo lonse la mpira alidutsa m'masekondi 6. Mwana akatulukira mu mseu, woyendetsa asanakhudze ndi buleki yomwe wayenda kale mamita 17 kapena kuposa. Tsono liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira njinga suwirikiza kawiri, koma kanai.

Chachitatu ndi dzanja la manja. Pa njinga yopalasa munthu akaopa amagwiritsa chiongolero, ndipo palibe choipa chichitika. Pa njinga ya moto chogwirira cha ku manja ndicho chopatsira moto. Wophunzira akadzidzimuka nachigwiritsa, njinga ilumphira kutsogolo, thupi lache likankhidwira kumbuyo, dzanja lipotoza chogwiriracho koposa, ndipo moto uonjezeka. Ambiri aomba mtengo kapena khoma la nyumba pa tsiku loyamba chifukwa cha ichi. Chizolowezi cha zaka zambiri chimene chinamsunga pa njinga yopalasa ndicho chimgwetsa pa njinga ya moto.

Munthu wamkulu ali ndi mwai pophunzira, pakuti ali ndi mantha oyenera ndipo akumbukira ana amene awasiya kunyumba. Chomvuta ndi manyazi. Bambo wa zaka 45 safuna kuti mnyamata amlangize pamaso pa anthu, tsono anamizira kudziwa. Akulu adati safunsa adadya phula.

Kuwerengera Ndalama

Mtengo wa njinga si mtengo wonse. Asanapite kukagula, munthu alembe pa pepala zinthu izi: zisoti ziwiri, kulembetsa njinga ku Boma, inshuwalansi, laisensi yache, chiphaso chosonyeza kuti njinga iri bwino chimene anthu amati COF, ndi ndalama ya petulo ndi oilo ya miyezi ingapo. Aikenso padera ya matayala ndi tcheni, pakuti izi zimatha msanga pa miseu ya fumbi.

Njinga za moto ndi zipangizo zache zichokera kunja kwa dziko lino, kotero mitengo yache itsata mphamvu ya kwacha. Mu November 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu wochokera kunja adakwera nthawi yomweyo. Chifukwa chache wogula afunse mitengo ya zonse mu sabata lomwe afuna kugula, asadalire mtengo umene mnzache adagulira chaka chatha.

Ngati ndalama ingokwanira njinga yokha, kuli bwino kudikira chaka china. Kugulitsa chimanga cha m'nkhokwe kapena kutenga katapila pofuna njinga ndiko kuitana njala m'nyumba mwezi wa February.

Kusankha Njinga

Kukula kwa injini kuyesedwa ndi muyeso wolembedwa cc, ndipo nambala yache imaoneka pambali pa njinga: 100, 125, 150 kapena 200. Woyamba kumene asankhe ya 100 kapena ya 125. Iyi njopepuka, ikoka modekha, ndipo kawirikawiri lita imodzi ya petulo iyenda nayo makilomita 40 kapena kuposa. Malamulo nao asiyanitsa: laisensi ya A1 nja njinga zosapitirira 125 cc, ndipo laisensi ya A nja zazikulu kuposa apo.

Wogula akhale pa njingayo asanalipire. Mapazi onse awiri afike pansi, ndipo manja afike pa chiongolero popanda kuwerama kwambiri. Ayese kuikankha ndi kuiimika pa sitandi yekha. Njinga imene mwini wache sangathe kuidzutsa ikagwa pa dambo siyache.

M'dziko muno mupezeka njinga za ku China monga Lifan ndi Haojue, za ku India monga Bajaj Boxer ndi TVS, ndi za ku Japan monga Honda ndi Yamaha. Dzina lokha lisamnyenge munthu. Funso loyamba nlakuti: ikaonongeka, zipangizo zache zipezeka kuti? Wanzeru ayamba wapita kwa makaniko a pa Mitundu kapena pa Nathenje nawafunsa njinga zimene amakonza tsiku ndi tsiku, ndi zimene masipeya ache ali m'sitolo zapafupi. Njinga yokongola imene chipangizo chache chiyenera kuitanitsidwa kunja idzagona pakhonde miyezi yambiri.

Adziwenso kuti injini ziri za mitundu iwiri. Zambiri za masiku ano ziri ndi oilo m'chipinda chachechache, ndipo zimwa petulo pang'ono. Zina, monga Yamaha DT 125, zitentha oilo pamodzi ndi petulo, zitulutsa utsi, ndipo zimwa petulo wambiri, ngakhale kuti zikwera mapiri bwino. Kwa mlimi kapena mphunzitsi mtundu woyambawo ndiwo wosaboola thumba.

Popeza miseu yambiri ya m'midzi nja fumbi, njinga ikhale ya mawilo akulu, ya matayala a mano, ndi yotalikirako kuchokera pansi. Zija za timawilo tating'ono nza m'tauni. Ikhalenso ndi kiki yolizira ndi phazi, pakuti batire limatha, ndi kaliyala wolimba.

Yatsopano Kapena Yogwirapo Kale

Njinga yatsopano yogulidwa m'sitolo yodziwika ibwera ndi lisiti ndi mapepala onse. Yogwirapo kale njotsika mtengo, koma ifuna maso. Wogula apite ndi makaniko amene iye mwini amkhulupirira, osati bwenzi la wogulitsa, ndipo apite m'mawa injini isanalizidwe, pakuti injini yotentha ibisa matenda ache. Ngati ivuta kulira iri yozizira, kapena itulutsa utsi wobiriwira chonsecho si ya mtundu wotentha oilo uja, injiniyo yatha. Aone ngati oilo adontha pansi pa injini kapena pa mashoko a kutsogolo, ngati mano a sipuloketi asongoka ngati minga, ndi ngati felemu idaocheredwapo. Felemu yoocherera isonyeza kuti njingayo idachitapo ngozi yaikulu.

Choposa zonsezi ndi mapepala. Njinga iri yonse iri ndi nambala ziwiri zodindidwa pa chitsulo, ina pa injini ndi ina pa felemu. Nambalazi zifanane ndi zolembedwa m'buku la njinga, lija anthu amati bulubuku. Ngati zapalidwa, kapena wogulitsa anena kuti mapepala abwera mawa, wogula abweze ndalama yache m'thumba.

Chigawo cha Angonia ku Mozambique chiri pafupi, kuseri kwa Dedza, ndipo njinga zambiri zalowa m'dziko muno kuchokera kumeneko podzera njira zachidule. Mtengo wache umakopa, koma njinga yosalipiridwa msonkho ku Malawi Revenue Authority singalembetsedwe kufikira msonkhowo utaperekedwa, ndipo apolisi angathe kuigwira. Zina mwa izo nzakuba. Kalata yogulitsirana yolembedwa pamaso pa nyakwawa ndi mboni njabwino, koma siilowa m'malo mwa kusintha dzina la mwini njinga ku ofesi ya Boma.

Zimene Lamulo Lifuna

Lamulo la za pa mseu la chaka cha 1997 liwerenga njinga ya moto monga galimoto. Iyenera kulembetsedwa ndi kukhala ndi nambala, ndipo woiyendetsa ayenera kukhala ndi laisensi. Nchito imeneyi iri m'manja mwa nthambi ya Boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene anthu amangoti ku Road Traffic, ndipo ofesi yache iripo mu mzinda wa Lilongwe. Wophunzira ayamba ndi kulembetsa dzina lache, alemba mayeso a malamulo ndi zizindikiro za pa mseu, napatsidwa chiphaso cha wophunzira. Pambuyo pache ayesedwa kuyendetsa, ndipo akapambana alandira laisensi yeniyeni.

Ena aona inshuwalansi ngati msonkho wopanda pache. Koma wokwera njinga akagunda mwana wa mnzache, ndani alipire? Wopanda inshuwalansi agulitsa mbuzi, ng'ombe, ngakhale njinga yomweyo, ndipo mlandu ukhalabe. Inshuwalansi imene lamulo lifuna ndiyo yolipira munthu wina amene wapwetekedwa kapena kuonongeredwa katundu.

Kuphunzira Kukwera

Malo ophunzirira akhale a chidikha, ouma, opanda ana ndi ziweto. Bwalo la mpira liri bwino pa tsiku lopanda sukulu, mphunzitsi wamkulu atalola. Wophunzitsa akhale munthu wa laisensi ndi wodekha, ngakhale ali wamng'ono kwa wophunzirayo.

Tsiku loyamba injini isalire msanga. Wophunzira akankhe njinga, aikhotetse, aiimike ndi buleki, kuti thupi lizolowere kulemera kwache. Aloweze malo a zinthu zinai kufikira azipeza osayang'ana: dzanja la manzere ligwira kalatchi, dzanja la manja lipatsa moto ndi kugwira buleki ya kutsogolo, phazi la manzere lisintha magiya, phazi la manja liponda buleki ya kumbuyo. Afunsenso za magiya a njinga yacheyo, pakuti ena aponderedwa pansi onse, pamene ena yoyamba yokha ndiyo ya pansi, zotsalazo nzokweza m'mwamba.

Phunziro lachiwiri ndi kalatchi. Kalatchi ndiyo ilumikiza injini ndi wilo la kumbuyo. Ikafinyidwa, injini ingalire motani njinga siikoka. Wophunzira alowetse giya yoyamba, amasule kalatchi pang'onopang'ono kufikira njinga iyamba kusuntha, aifinyenso, naima. Achite chomwecho nthawi zambiri, mapazi ali pafupi ndi nthaka. Amene wazolowera kufinya kalatchi akadzidzimuka sathawitsidwa ndi njinga. Kuima kuphunziridwe kuthamanga kusanayambe.

Lachitatu ndi mabuleki. Ambiri aopa buleki ya kutsogolo poganiza kuti iwagwetsa chamutu, tsono adalira ya kumbuyo yokha. Uku nkulakwa. Njinga ikamaima, kulemera kwache kuthamangira kutsogolo, kotero pa phula louma buleki ya kutsogolo ndiyo igwira mbali yaikulu ya nchito. Zonse ziwiri zigwire pamodzi, ya kutsogolo ifinyidwe mofatsa monga munthu afinya ndimu, osati kuitsamwitsa kamodzi. Pa mchenga ndi pa matope mpamene ya kutsogolo ifuna dzanja lopepuka kwambiri.

Lachinai ndi kukhota. Wophunzira aike njerwa ziwiri motalikirana nazizungulira monga alemba nambala 8. Chinsinsi chache ndi maso, pakuti njinga ipita kumene maso ayang'ana. Woyang'anitsitsa dzenje agwa m'dzenjemo, koma woyang'ana njira ya pambali pache adutsa bwino. Liwiro lichepetsedwe munthu asanalowe m'gulaye, osati ali pakati pache.

Akatha izi atuluke m'njira za m'mudzi, pambuyo pache mu mseu wa ku Bunda pa nthawi yopanda galimoto zambiri. Mseu wa M1 ukhale wotsiriza. Kunyamula munthu kapena thumba kudikire kufikira laisensi yapezeka ndipo miyezi yapitapo, pakuti katundu asintha kakhotedwe ndi kaimidwe ka njinga. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chisoti ndi Zobvala

Lamulo lifuna kuti woyendetsa ndi wokwera kumbuyo onse abvale chisoti cholimba, chija ambiri amati helemeti. Akatswiri amene adasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri mu 2008 adapeza kuti chisoti chichepetsa kubvulala kwa m'mutu ndi 69 peresenti, ndi imfa ndi 42 peresenti. Koma chisoti chosamanga lamba wa pachibwano chimabvuka mutu usanafike pansi. Chipewa cha amisiri omanga nyumba si chisoti cha njinga. Chisoti chimene chamenyetsedwapo pa ngozi chatha nchito ngakhale kunja chioneke chabwino, pakuti chofewa cha m'kati chaphwanyika.

Ku mapazi kukhale nsapato zotseka, osati patapata. Amai okwera kumbuyo apinde bwino chitenje, pakuti nsonga yache ikalowa m'masipoko kapena m'tcheni iwakokera pansi. Mwendo utalikire ekizozi, imene imaocha koopsa. Chobvala chowala chithandiza kuti a galimoto amuone munthu patali, ndipo nyali ya kutsogolo iyake ngakhale masana.

Bungwe la World Health Organization lidalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa miseu ya dziko lapansi chaka chiri chonse. M'chaka chomwecho ku Kamuzu Central Hospital kudatsegulidwa chipatala chapadera cha mafupa ndi ubongo, Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery. Chipatala chotere nchothandiza, koma mlimi wothyoka ntchafu mwezi wa November sadzagwira khasu dzinja lonse, ndipo munda wache udzamera thengo.

Zoopsa za Miseu ya Kuno

Pa Nathenje mseu wa M1 udutsa pakati pa malo a malonda. Malole ochokera ku malire a Dedza ndi mabasi a ku Blantyre adutsa pomwepo, ndipo mphepo ya lole yaikulu ikankha njinga yaing'ono. Maminibasi aima mwadzidzidzi akaona munthu. Wa njinga ayende ku manzere, asiye danga lalikulu pakati pa iye ndi galimoto ya patsogolo, ndipo asapitirire lole ngati saona bwino kutsogolo. Kukhotera ku manja pochoka mu mseu waukulu ndiko koopsa koposa. Ayang'ane pa galasi, acheuke, asonyeze ndi nyali, ndipo ngati akayika aime pambali kufikira mseu wayera.

Cha ku Mitundu zoopsa nzina. Ngolo ziyenda madzulo popanda nyali. Njinga za makala zochokera ku Dzalanyama zitenga malo akulu ndi matumba ao. Mbuzi ikadutsa, inzache itsata pambuyo. Pa tsiku la msika anthu ayenda pakati pa mseu, ena atalawa. Woyendetsa mwini asalawe konse, kaya ndi masese kaya kachasu, pakuti mowa uchedwetsa dzanja ndi kuonjezera kulimba mtima kwabodza.

Nyengo nazo zisintha njira. Mwezi wa October mchenga uchuluka, ndipo wilo la kutsogolo limayendayenda. Mvula ikayamba katondo aterera ngati sopo, milatho ya mitengo nayo iterera, ndipo mtsinje wodzala sauyesa ndi njinga. Usiku kuli akuba olanda njinga, kotero ulendo wosakakamiza udikire kucha. Kuthamanga sikufika.

Kusamala Njinga

M'mawa uli wonse mwini njinga aone mpweya wa m'matayala, mabuleki, nyali, hutala ndi muyeso wa oilo. Tcheni ithiridwe oilo, ndipo ikakankhidwa ndi chala pakati isunthe masentimita 2 kapena 3. Yothina ithyola zipangizo, yolendewera imabvuka pa ulendo. Sefa ya mpweya itsukidwe kawirikawiri nthawi ya fumbi. Njinga yatsopano isathamangitsidwe kapena kusenzetsedwa katundu wolemera pa makilomita 1,000 oyamba, ndipo oilo woyamba asinthidwe pa nthawi imene buku lache linena. Petulo wa m'mabotolo nthawi zina amakhala wosakaniza ndi palafini kapena madzi, kotero nkwabwino kuthira pa malo omwetsera galimoto pamene kuli kotheka.

Mau Otsiriza

Dongosolo la wogula wanzeru ndi ili: ayamba wawerengera ndalama zonse, afunsa makaniko, atenga chiphaso cha wophunzira, agula chisoti, ndipo pamenepo agula njinga yaing'ono ya mapepala oona. Tsiku logula, njingayo ifike kumudzi ndi munthu wodziwa kuyendetsa, ndipo mwini wache akwere kumbuyo. Palibe manyazi pamenepo.

Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga apemphedwa kuwerengera anzao nkhaniyi msika wa mbeu usanayambe. Mafumu ainene pa bwalo, ndipo alole ophunzira kugwiritsa nchito malo a chidikha a m'midzi yao. Masabata ochepa ophunzirira pa bwalo sangafanane ndi miyezi yogona m'chipatala, ndipo njinga yogulidwa ndi thukuta la chaka chonse iyenera kutumikira banja zaka zambiri.